Pamene Miyala ya a Zuze Inathera

Sabata yatha tinasonkhana kumanda kukumbukira kuti patha chaka chimwalirire a Zuze. Anthu anayankhula zabwino zokhazokha, monga timachitira munthu akakhala kuti sangathenso kutitsutsa. Wina anafika ponena kuti malemuwo anali odekha, ndipo ine ndinayang'ana pansi kuti ndisaseke. A Zuze sanali odekha. Anali nkhalamba yamakani, yokonda kulamula, yosadziwa kupepesa. Ndinakhala nawo moyandikana zaka zambiri, pakati pathu pali mpanda wa nkhadze wokha, choncho ndikudziwa chimene ndikunena. Ndimawasowa koopsa.

Anabwera kuno kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, atabereka khanda kumsana ngati mayi, chifukwa mkazi wawo anathera m'njira. Khandalo ndiye Malita, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene tsopano amakhala ku Lusaka. Anayamba akhala kumalo amene boma linasungirako othawa nkhondo. Nkhondo itatha, anzawo akukwera malole obwerera kwawo, iwo anakana, ndipo kenako anapeza malo m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Minga, mbali ya msewu wopita ku Nyimba. Ife tinawapeza pomwepo titasamuka ku Katete. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti nkhuku zanga zidziwe malire, ndiponso kuti iwo anasamutsidwa kokwanira pa moyo wawo, moti wofuna kuwasamutsanso adzabwere ndi bokosi. Mawu a bokosiwa ankawanena kawirikawiri mpaka tinasiya kuwamva.

Ali ndi mphamvu anagwirapo ntchito yothira miyala m'misewu yolowera ku Sandwe, ndipo kuchokera pamenepo ankadziona ngati mwini wake wa miyala yonse ya m'boma la Petauke. Munthu akafuna miyala yoswa ya maziko a nyumba kapena yothira pabwalo, ankayamba wafunsa a Zuze, ndipo akapanda kufunsa, a Zuze ankapita okha. Anali ndi chingwe chomangira ng'ombe chimene anachimanga mfundo zotalikirana mofanana, choyezera kutalika kwa malo. M'lifupi ankayeza ndi mpini wa khasu. Kuchindikala ankayeza ndi zala, ndipo ankati miyala yosafika zala zinayi ndi yongopatsa nthaka chakudya, mvula ikangogwa kawiri upeza matope okhaokha. Akamaliza ankatseka maso, milomo ikuyenda, n'kutchula ngolo zofunika. Pamwamba pake ankawonjezera ngolo imodzi imene ankaitcha ya nthaka, chifukwa ankati dothi silisiya kudyako ngakhale uliphwanye bwanji.

Ngolo imene ankawerengera inali yawo, yokhoma okha, yakuya moti ana ankabisalamo osaoneka ndi mutu womwe. Ng'ombe zawo zitafa ndi matenda, ngoloyo inawolera kuseri kwa nkhokwe. Koma m'mutu mwawo ngolo inali imeneyo basi.

Chodabwitsa n'chakuti pabwalo pawo panalibe mwala ndi umodzi womwe. Ankasesa okha m'mawa uliwonse, ndipo ankati kuthira miyala pabwalo ndi nzeru za anthu a m'tauni oopa tsache. Tinakanganapo pa zimenezi mwana wanga Dalitso atandithirira wilibala zingapo za miyala pakhomo kuti ndisamalowe ndi matope m'nyumba. A Zuze anasuzumira pa mpanda n'kunena kuti miyalayo yachepa, yakula kwambiri, ndipo yathiridwa ndi munthu wosaopa Mulungu. Sitinalonjerane mpaka Lamulungu.

Ndiye mungamvetse mmene ndinadabwira, zaka zingapo asanamwalire, atandiitana n'kundiuza kuti akufuna miyala pabwalo pawo.

Koma ndiyambe ndi chitenje. M'mawa wina ndinayanika chitenje pa mpanda wa nkhadze, ine n'kuzungulira kulowa pabwalo pawo kukabwereka sefa. Ndinawapeza ataima moyang'ana chitenjecho, akuchifunsa mwaulemu ngati chauka bwino ndiponso ngati Dalitso waimba foni. Ndinali pambali pawo penipeni. Nditayankha, anadzidzimuka mpaka ndodo inagwa, ndipo pofuna kuitola anapapasa pansi kumbali ina. Kenako anandiuza kuti maso anayamba kuchita nkhungu kalekale, ndipo tsopano ankangoona kuwala ndi mdima.

Ndinawauza kuti tipite kuchipatala ku Minga tsiku lomwelo. Anakana. Malita anaphunzira kumeneko, anzake ambiri amagwira ntchito komweko, ndipo nkhani ikanafika ku Lusaka iwo asanabwerere n'komwe kunyumba. Malita anali atanena kale, nthawi ina atate ake atadwala malungo, kuti tsiku limene adzalephere kudzisamalira adzabwera kudzawatenga, ndipo chipinda anali atakonza kale. A Zuze anali atachionapo chipindacho. Ankati zenera lake limayang'ana khoma la mpanda, ndipo munthu ukatsokomola palibe nkhuku imene imakuyankha. Anandigwira dzanja mwamphamvu, chinthu chimene anali asanachitepo.

“Amake Dalitso, mukauza Malita, mwanipha ndimwe.”

Ndinakwiya nawo kwambiri, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunathe wonse. Koma Malita sindinamuuze.

Nzeru ya miyala inabwera atagunda mphumi pa nsanamira ya khitchini. Anati bwalo losesa bwino ndi lofanana paliponse, phazi silidziwa kumene lili. Koma atathira tinjira ta miyala kuchokera pakhomo kupita kuchimbudzi, kukhitchini, kunkhokwe, kuchipata ndi kuchitsime, phazi lizimva ndipo khutu lizimva. Akangoponda pachete adziwa kuti asochera. Nsangalabwi za kumtsinje anazikana, ankati n'zoterera ndipo zimagubuduka. Ankafuna miyala yoswa ndi hamala, yaing'ono ngati mtedza wosenda, imene imalira ukaiponda. M'mbali mwake anati tiike njerwa kuti isamwazike. Kwa anthu tinkanena kuti nkhalamba yaganiza zokongoletsa pakhomo, ndipo anthu anaseka mokwanira.

Tinayeza awiri, ine nditagwira nsonga ya chingwe, iwo akuwerenga mfundo ndi zala. M'lifupi anati mpini umodzi wa khasu ukwana, popeza woyendamo ndi mmodzi. Anatseka maso aja osaona, milomo n'kuyenda monga kale, ndipo anati ngolo zisanu ndi ziwiri, ndi imodzi ya nthaka. Anatumiza mawu kwa amayi amene amaswa miyala kuphiri la m'mbali mwa msewu, ndipo za ngolo yonyamulira anapangana ndi a Lungu, mwini ng'ombe wa m'mudzi mwathu.

Ngolo yoyamba itafika, ndinaiyang'anitsitsa. Ngolo ya a Lungu inali yonyamulira matumba a chimanga ndi feteleza, yotambalala koma yosaya. Ngakhale ine wosadziwa za miyala ndinaona kuti si ngolo imene a Zuze ankaiona m'mutu mwawo. Ndinanena motsitsa mawu kuti ngoloyi ikuoneka yaing'ono. Koma a Lungu anali pomwepo, ndi amuna ena awiri amene anabwera kudzaonerera. Kuti a Zuze atsimikize, anayenera kupita kukaipapasa ndi manja pamaso pa anthu onsewo. Anatembenukira kumene kunkamveka mpweya wa ng'ombe, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene waona zonse.

“Nili na maso, amake Dalitso. Ngolo ni ngolo.”

Atanena zimenezo pagulu, panalibenso kubwerera. Ngakhale titatsala awiri sanafune kumva. Anati akhala akuyeza miyala ine ndisanadziwe kuphika.

Anathira okha atagwada, akusalaza ndi thabwa, akuyesa ndi zala zinayi zija. Anayamba ndi njira ya kuchimbudzi, kenako khitchini, nkhokwe ndi chipata. Ya kuchitsime anaisiyira kumapeto chifukwa inali yaitali. Mulu unayamba kuchepa njirayo isanafike pakati. Ndinawapempha kuti apyapyalitseko kuti ikwane, koma anati kulibwino njira yaifupi yomveka kusiyana ndi yaitali yabodza. Kumunsi kuja dothi ndi lofewa, ndipo linameza miyala kuposa mmene ankayembekezera. Miyala inatha chitsime chili patsogolo, pamtunda wonga wochokera pakhomo la tchalitchi chathu kukafika kuguwa.

Chitsimecho anakumba okha, chakuya, chosavindikira. M'mphepete mwake munali njerwa zofika m'akakolo basi, ndipo mbali ina zinali zitagumuka. Pakamwa pake panapingasa chipika chokokerapo chingwe. Palibe amene ankaloledwa kutunga pamenepo koma iwo eni, ndipo ankadzitama nazo.

Kupeza miyala ina msanga kunali kosatheka. Mvula yoyamba inali itagwa, amayi oswa miyala anali atapita kukadzala, ng'ombe za a Lungu zinali pa pulawo. M'masiku omwewo Malita anaimba foni kuti akubwera mailo, ndipo popeza kuno mawuwo amanena dzulo ndi mawa lomwe, a Zuze anayesa kuseka kuti mwina wabwera kale ndipo wabwerera. Palibe anaseka. Ndinawadzazira madzi m'dilamu mpaka pakamwa, ndipo tinagwirizana kuti kuchitsime asayandikireko mpaka mlendo atapita.

Malita anatsika basi atavala thalauza. Ndinamuona akulowa pachipata. Nthawi ina atate ake anamubwezapo pachipata chomwecho, ali kale mayi wa ana, kuti akamange chitenje asanalowe pabwalo pawo. Tsikuli anamulandira ndi chimwemwe, anamuuza kuti wanenepa, ndipo za thalauza sananene kanthu. Ndinalibe mpata wowanong'oneza. Malita anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kulowetsa chikwama m'nyumba.

Tsiku limenelo a Zuze anayenda ngati msilikali. Kuchokera pakhomo kupita kunkhokwe, kuchokera kunkhokwe kupita kukhitchini, chifuwa patsogolo, ndodo ataisiya dala m'nyumba. Miyala inkalira pansi pa mapazi awo ndipo sanaphonye ngakhale pang'ono. Malita anafunsa kuti chikondi cha miyalachi chayamba liti, iwo n'kuyankha kuti munthu amaphunzira kwa ana ake a m'tauni. Iye sanaseke. Anakhala pakhonde akuyang'ana mapazi a atate ake, ndipo ine ndinkayang'ana iye.

M'mawa mwake anatulutsa mabulangete onse a m'nyumba n'kuyamba kuchapa. Anachapanso makatani, ndi zovala zimene zinali zoyera kale. Ndinali pabwalo pomwepo ndikuswa mtedza umene sunkafunika kuswedwa tsikulo, ndikumva dilamu ikulira mopanda kanthu. Dzuwa litafika pamutu madzi anatha. Ndinadzuka msanga kuti ndikatunge kwathu, koma Malita anati ndisavutike.

“Atate, tiyeni mukanitungile. Chingwe chanu chija chimanipweteka m'manja.”

A Zuze akanatha kunena kuti msana ukuwawa. Akanatha kunena chilichonse. Koma munthu amene wakhala akuuza mudzi wonse kuti pachitsime pake satungapo wina, sakanayamba tsiku limenelo. Anatenga ndowa n'kutsika pakhonde.

Ndinawatsatira chapatali. Iwo patsogolo, Malita pambuyo pawo ndi ndowa ina, miyala ikulira. Sindinamvepo phokoso lalitali chotero. Atafika pamene miyala inathera anaima pang'ono, ngati akusintha ndowa kupita kudzanja lina. Ndinaona chala chawo chakuphazi chikufufuza kutsogolo, chikupeza dothi lonyowa lokhalokha. Kenako anaponda.

Pa dothi panalibe phokoso lililonse. Poyamba analunjika bwino, koma pang'onopang'ono anayamba kupendekera kumanzere, kumene njerwa zinagumuka. Ankayenda mwachangu ndithu, kuti asaoneke okayika. Ndinatsegula pakamwa. Ndikafuula, ndawapereka ndipo akwera basi ya ku Lusaka. Ndikakhala chete, tiwatulutsa m'chitsime ndi chingwe chawo chomwe. Sindikudziwa mpaka lero chimene ndikanasankha.

Malita ndiye anasankha. Anawapitirira mofulumira, akukhwekhwereza patapata zake pansi mwadala, n'kukaima pogumuka paja, chitsime chili kumbuyo kwake. Anamenyetsa ndowa yake pa chipika.

“Nili pano, Atate. Bwelani kuno kuli mawu.”

A Zuze anaima. Anatambasula dzanja, ndipo linagwira phewa la mwana wawo. Chidendene cha Malita chinali pa njerwa yomaliza. Kenako nkhalambayo inapapasa chipika, inapeza chingwe, n'kutunga madzi. Pokoka, theka la madziwo linabwerera m'chitsime.

Tinabwerera pakhonde. Malita sanalire. Anauza atate ake kuti anayamba kukayika pamene anasiya kudandaula kuti zithunzi za adzukulu pa foni n'zazing'ono, ndipo thalauza anavalira zomwezo. Ine anandiuzanso mawu angapo amene sindiwabwereza pano. A Zuze anamvetsera atawerama. Malita atatha, iwo ananena mawu awo akale aja, koma ulendo uno motsitsa, ngati munthu wopempha: ukanitenga, unitenge na bokosi.

Malita anayang'ana njira ya kuchitsime nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anene za basi.

“Kuti ifike pachitsime, zatsala ngolo zingati?”

A Zuze anadzutsa mutu. Milomo inayamba kuyenda, kenako inaima.

“Ngolo ya ndani?”

“Ya a Lungu. Ina kulibe.”

Anati sangadziwe pokhapokha ataigwira. Malita anati ndiye tiyeni mukaigwire, pompano, anthu akuona. Umenewo ndiwo unali mtengo wake, ndipo onse awiri ankadziwa. Akafuna kutsala pamudzi, mudzi unayenera kudziwa kuti saona, kuti aliyense akhale maso awo.

Anapita atagwira mkono wa mwana wawo, kudutsa pakati pa mudzi masana, anthu akuweruka kumunda. Kwa a Lungu kunali anthu pansi pa mtengo wa mango. A Zuze anapempha kuti awafikitse pa ngolo, ndipo anaipapasa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Analowetsa dzanja m'kati, ndipo thabwa la m'mbali linawafika pa chigongono. Yawo ija inkafika m'khwapa. Kenako anafunsa a Lungu kuti mbale imeneyi anaigula kuti, ndipo ngati ng'ombe zawo sizichita manyazi kuikoka. Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi, ndipo sindikhulupirira kuti yonse inali ya kuseka. A Zuze anati ngolo zitatu za mtundu umenewu, ndi imodzi ya nthaka. Zinakwana ndendende, ndipo anatikumbutsa zimenezo mpaka imfa yawo, osatchulako za zisanu ndi ziwiri zija.

Malita asanabwerere anaonetsetsa kuti chitsime chamangidwa khoma lofika m'chiuno ndi chivindikiro, ndipo anawatengera ku Minga. Kumeneko anawayeza bwinobwino, koma anati nthawi inali itapita. Atabwerako a Zuze anandiuza kuti mwaona, kunalibe chopitira. Ndinawayankha kuti akanapita chitenje chija chisanayambe kulonjeredwa, bwenzi akuona. Sitinalonjerane mpaka Lamulungu.

Anakhala pamudzi pawo zaka zonse zotsalazo. M'mawa uliwonse ndinkadziwa kuti adzuka chifukwa cha miyala, ndipo ndinkatha kudziwa ngati akupita kunkhokwe kapena kuchitsime ndisanatuluke n'komwe m'nyumba. Tsiku limene miyala sinalire dzuwa litatuluka, ndinadziwa ndisanagogode.

Anatuluka ndi bokosi, monga ankanenera. Njira ya kuchipata inali ya mpini umodzi wa khasu, yosakwana anthu awiri, choncho onyamula anayenda pa dothi mbali zonse ziwiri, bokosi lokha likudutsa pamwamba pa miyala. Panalibe phokoso ngakhale pang'ono.

Nyumbayo ndi yotseka tsopano. Malita sanaigulitse, ndipo sananene chimene adzachite nayo. Udzu wamera pakati pa miyala, nkhuku zanga zimene zinaiwala malire zafukula njerwa za m'mbali, ndipo nthaka ikudya gawo lake pang'onopang'ono. Njira ya kuchitsime imaonekabe bwino. Ili ndi mitundu iwiri, yotuwa kuyambira pakhomo, kenako yofiirira, chifukwa ngolo zomaliza zija zinachokera ku dzenje lina. Pamene mitunduyo imakumana ndi pamene anaima kusintha ndowa.

Malita anandiuza kuti ndizitunga pachitsimepo kuti madzi asaonongeke, ndipo ndimapitako m'mawa uliwonse. Ndimayenda m'mbali mwa njira, pa dothi. Ndinayesa kamodzi kuponda pa miyalayo, ndipo italira ndinatembenuka kuyang'ana pakhomo pawo.